Ndalama Zosagula Mchere

Amuna anga amasintha ndalama pachipata cha Mchinji.
Tsiku lonse ali chilili padzuwa,
mpukutu wa makwacha a kuno kumanja,
wa ku Zambia kumanzere,
kunyambita chala, kuwerenga, kunyambitanso,
mpaka manja kununkha matumba a eni.

Koma pali zisanu ndi ziwiri zimene sasintha.
Zili m'kachitini ka polishi,
kachitini kali m'sokosi,
sokosi m'thumba la jekete ya ukwati wathu
imene inaleka kalekale kuwakwana.

Nzasiliva, zolemera m'manja ngati mlandu.
Pa ina munthu akulumpha mtanda chagada.
Pa ina awiri akwezerana zibakera, sanamenyanebe mpaka lero.
Pa ina mtsikana akusambira m'madzi osanyowetsa.
M'mbali muli chaka ndi dzina la mzinda
limene lilime langa limapunthwapo.

Amabwera nazo ndi a mathiraki.
Ina anaigula kwa wansembe wokalamba ku Kachebere,
ndipo mbuzi yanga yaikazi inapita tsiku lomwelo.
Ndinati, Yotamu, mbuzi yabere?
Ndalama kugula ndalama inzake,
yosagula ngakhale mchere pa Kamwendo?
Anangoyang'ana zala zawo za kumapazi.

Mapazi amenewo ndinawadziwa ndisanadziwe nkhope.
Ankadutsa pakhomo pathu mbandakucha, opanda nsapato,
fumbi n'kumatsala likufunsa kuti wadutsa ndani.
Anaitanidwa ku Blantyre.
Anawayeza jekete ya mbendera, anawajambula chithunzi cha pasipoti.
Ndege itanyamuka, pampando pawo panakhala wina,
mwana wa winawake.
Iwo anabwera pa basi ya usiku,
nsapato zatsopano zili m'pepala, zosapondapo pansi.
Nkhaniyi sanaikambeponso. Inenso sindiiputa.

Lamulungu madzulo amatseka chitseko,
amayala kansalu patebulo,
n'kuzigwira m'mphepete mokha ngati mkate wa mgonero.
Tsiku lina ndinafuna kuwakondweretsa.
Ndinatenga yosambira ija, yomwe inayamba kuda,
ndinaikwecha ndi phulusa ndi ndimu mpaka mbee!
Masiku awiri sanadye.
Lachitatu anati, kuda kuja ndiye zaka zake,
wafufuta zaka zake, Nagama.

Zinali zisanu ndi zitatu.
Yachisanu ndi chitatu inali ya wothamanga,
chifuwa patsogolo, chingwe chikuduka,
mwendo umodzi m'malere osatera.
Imeneyo ankaisiyira kumapeto,
ankaiyang'ana mpaka nyali kuphethira.

Chaka chimene Tikhale wathu anavutika pobereka,
ambulansi ilibe mafuta, usiku, mvula ili pakati,
anatuluka ndi sokosi m'manja osanena kanthu.
Wa galimoto anaitembenuza, anailuma, anavomera.
Tinafika ku Lilongwe kusanache.
Mwana analira. Mayi wake anatsegula maso.

Pamalo pake m'kachitini anaikapo kakatoni
kodula mozungulira ndi lumo,
ndipo nakonso amakayala pakansalu, kumapeto.

Mwana uja tsopano ali sitandade folo.
Ukamutuma ku mjigo sayenda,
chidebe chimauluka kumbuyo kwake ngati chikumuthamangitsa.
Dzulo ndinawapeza agogo ake ataima pakhonde,
mpukutu wa makwacha uli m'thumba, osaukhudza,
maso ali panjira ya ku mjigo,
milomo ikugwedera chamumtima,
chala chowerengera ndalama chija
chikugogoda pantchafu.

Ndinati, mukuwerenga chiyani?
Anati, khala chete, mayi,
undisokoneza.